Khungwa Lachisanu

Lachitatu limenelo kunacha ndi mphepo ya mwera. Inkaulutsa fumbi ndi majumbo m'misewu ya Kawale, dzuwa likuoneka koma osatentha. Aliyense amene ukanakumana naye anali atadzikulunga m'chitenje kapena m'jekete, ndipo m'maminibasi munkangomveka kutsokomola ndi kuyetsemula kokhakokha.

A Weston Chikaonda anafika pakhomo pawo cha m'ma naini koloko, akukankha njinga yolemedwa ndi matumba awiri a mizu ndi makungwa. Anali atatha masiku atatu kumapiri a ku Dzalanyama. Ntchito yawo inali imeneyo kwa zaka makumi atatu: iwo kudula ndi kukumba mankhwala kutchire, mkazi wawo Dorica kugulitsa pabenchi pake ku Biwi. Dorica atamwalira zaka zinayi zapitazo, benchilo analitenga ndi mng'ono wake Magret. A Weston sanasinthe kanthu. Ankadulabe monga kale, katundu n'kukatula kwa mlamu wawoyo, n'kubwerera kunyumba kopanda wowalankhulitsa.

Asanamasule n'komwe chingwe, mayi woyandikana nawo nyumba anawaimirira kutsogolo n'kuyamba kufotokoza, mawu akuthamangitsana. Magret wagona m'chitokosi. Bambo wina wachikulire wa ku Biwi, a Andrew, dzulo m'mawa anamwa mankhwala a khungwa la muwawani ogula pabenchi la Magret, ati m'mimba munkawapotokola, koma pofika masana anali atatsirizika kuchipatala. Madokotala akuti ndi poizoni wa mumtengo. Anthu atamva anakagubuduza benchi, ndipo apolisi akanachedwa pang'ono, Magret bwenzi pano tikunena zina.

A Weston anamvetsera mpaka mayiyo mpweya unamuthera. Analowetsa matumba m'nyumba, nakhoma chitseko, natembenuza njinga.

"Simumwako ndi madzi omwe?"

"Ndikamwa," anatero, nanyamuka.

Anadzera kaye pabenchipo. Linali gada, mwendo umodzi utathyoka. Mayi wogulitsa tomato pafupi nalo anali atatola zonse zimene zinamwazika pansi n'kuzisunga m'beseni, kuti Magret akatuluka asayambire pachabe. A Weston anathokoza, nasuzumira m'besenimo. Gondolosi wotafuna anali atasakanikirana ndi njere za nsatsi zimene Magret ankagulitsa zongoyengera mafuta odzola. Timitengo ta nkhadze tothamangitsira tizilombo tinali titagona pamwamba pa masamba a chammwamba, utomoni wake woyera utaumira pomwepo. Mizu ina inali itapondedwa mpaka kusenduka, yoti ngakhale iwo amene anaikumba sakanalumbira dzina lake. Ananyamula beseni lonse n'kukalikhuthulira pamoto wa zinyalala kuseri kwa msika.

Mayi wa tomatoyo anadandaula kuti umenewo ndi katundu wa mwezi wathunthu.

"Wataya mayina," anatero a Weston. Anam'bwezera beseni lake, nakwera njinga.

* * *

Sajeni Mphonda, amene ankagwira mlanduwo, anali munthu wonenepa, mpango uli m'khosi, mphuno itafiira ndi chimfine cha nyengoyo. Anawayang'ana a Weston kuyambira kunsapato zafumbi mpaka kuimvi.

"Ndiye ndinu mumadula makungwawa?"

"Ndine."

"Mwachita bwino kudzibweretsa nokha. Mwatipulumutsira mafuta."

Sajeniyo anafotokoza mosapupuluma, ngati munthu amene nkhaniyo waimaliza kale m'mutu. Iye sankanena kuti wina anafuna kupha munthu, ayi. Koma maso amakalamba, mitengo kutchire ndi yambiri, ndipo khungwa likauma limafanana ndi linzake. Mumphika umene malemu anamwamo munapezeka khungwa la mwavi, mtengo wa poizoni uja, ndipo munthu wa zankhalango anabwera m'mawa kudzatsimikiza. Wogulitsa ndi Magret. Mawa eiti koloko apita kukhoti, kuchoka kumeneko azikadikira mlandu ali kundende, poti mlandu wa imfa belo yake siyapafupi. Wodula nayenso asapite patali.

"Ndione makungwawo," anatero a Weston.

Sajeni anausa moyo, natsegula kabati, nayala nyuzipepala patebulo. Mbali ina anaika kamtolo ka makungwa atatu ouma, omangidwa ndi luzi. Mbali inayo anaika awiri akuda, ofufuma, amene anavuulidwa mumphika.

A Weston sanagwire msanga. Mitengo iwiriyo ankaidziwa kuyambira kumizu. Muwawani umamera pouma, kawirikawiri pachulu, ndipo umalendewetsa nyemba zazitali ngati mkono. Mwavi umakonda m'mphepete mwa mitsinje, ndi wautali, wamthunzi wakuda, ukausema umatuluka madzi ofiira, ndipo fumbi lake likakulowa m'mphuno umayetsemula mpaka misozi. Ili chiimire sungaisokoneze. Chimene chimapha anthu n'kutola khungwa louma limene sanalione pamtengo wake. N'chifukwa chake Dorica anali ndi lamulo: khungwa limene sunasende wekha, masamba ukuwaona pamwamba, lisafike pabenchi. Ndipo pa kamtolo kalikonse ka muwawani pankamangiriridwa kachidutswa ka nyemba yake, kuti wogula aone mtengo umene akukamwa. Kachidutswako kanalipo. Mfundo ya luzilo inali ya a Weston.

"Asanu," anatero.

"Kuwerenga ndimadziwa, bambo."

"Timamanga anayi."

Sajeni anasiya kupukuta mphuno.

A Weston anatenga limodzi la makungwa akudawo. Linali lopindika ngati nsungwi yong'ambidwa pakati, m'kati mosalala, monga khungwa limakhalira ukalisenda ndi kasemasema pamtengo wamoyo. Limenelo linali lawo. Anatenga linalo nalitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kwafulati, kutamatirira kathabwa kopyapyala, ndipo pakathabwapo panali mizere yowongoka, yotsatizana. Kumapeto kwake kunali theka la chipsera cha nthambi, chodulidwa pakati penipeni.

"Mano a macheka," anatero, akuloza mizereyo ndi chikhadabo. "Kutchire sindipita ndi macheka. Ili lachoka pathabwa."

Sajeni analiyang'anitsitsa, nalibweretsa pafupi ndi windo, kenaka anapukusa mutu. Anati mwina katundu atachepa Magret anagulako kwa munthu wina, ogulitsa amatero. Iye mizereyo waiona, koma sangatsegule chitokosi chifukwa cha mizere.

"Ngati mukufuna mlamu wanu atuluke, mundibweretsere thabwa limene pachoka khungwali. Thabwa, bambo, osati nkhani."

Anawalola kumuona Magret mphindi zisanu. Magret anatuluka atafunda chitenje kumutu, milomo itauma, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Alamu, mwabwera ndi bulangeti, kapena mwangobwera ndi nkhope yanu ya pamaliroyo?"

A Weston anavula jekete namupatsa. Anamufunsa ngati anagulapo khungwa kwa munthu wina. Magret anati akanatero achemwali ake akanadzuka kumanda kudzamuomba khofi. Kamtoloko anagulitsa Lolemba kwa Linda, mwana wa malemuwo, makungwa anayi, ndipo anamuuza kawiri konse kuti limodzi pamphika umodzi, osaposa. Atanena zimenezo anatsokomola nthawi yaitali, atagwira khoma.

"Chifuwa changachi mukuchidziwa, alamu," anatero motsitsa mawu. "Simenti ya muno tsiku limodzi yandikwana. Kundende sindikatulukako ndikuyenda."

"Ugona kunyumba kwako lero."

Magret anawayang'ana. Pa zaka zonse zimene anawadziwa, a Weston anali asanalonjezepo munthu kanthu.

* * *

Nyumba ya maliro inali kumunsi kwa Biwi, kuseri kwa magalaja, m'kanjira koti njinga umachita kukankha. Amuna anakhala panja mozungulira chikuni chofuka, amayi akuimba m'nyumba. A Weston atafika kumapeto kwa benchi, macheza anaduka. Wina ananong'ona kuti ndi omwe aja amadula mankhwala. Bambo wina wa chipewa chaubweya ananena mokweza, akuyang'ana moto, kuti anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. A Weston anaponya chipepeso chawo m'mbale, nakhala. Anakhala ola lathunthu, mpaka anthu anatopa kuwayang'ana. Pamenepo anapempha mayi wina wa mumpingo kuti awaitanire Linda kuseri kwa nyumba.

Linda anali wochepa thupi, maso atatupa. Anaima chapatali, manja atawabisa m'chitenje, akudikira kuti bambowo ayambe kupepesera mlamu wawo.

"Pepani, mayi," anatero a Weston. "Munaika angati mumphika?"

"Limodzi. Monga anandiuzira."

"Apolisi apezamo awiri."

Linda anawayang'ana ngati sanamve. Kenaka anakhala pansi, pamwala wochapira.

Anafotokoza ndi mawu aang'ono, oduladula. Mphika anauteleka pambaula kuseri komwe kuno, poti mphepo siifika kwenikweni. Anaikamo khungwa limodzi, navundikira, natenga ndowa kupita kukiyosiki kukatunga madzi. Mzere unali wautali, anachedwa pafupifupi ola. Bambo ake anali gone kuchipinda. Pobwera anangosefera madziwo m'kapu ndi kansalu, osayang'ana mumphika. Bambo akewo atalawa anati lero akuluma pakhosi, si kuwawa kwa masiku onse kuja, koma anamaliza kapu yonse kuti asamukhumudwitse.

"Anasanza?"

"Kuyambira pakhomo apo mpaka kuchipatala. Sanasiye."

A Weston anafunsa ngati panali munthu wina pakhomo. Linda anati ayi. Mwamuna wake Kings ananyamuka m'bandakucha kupita ku Area 36 kukaika zitseko panyumba ya munthu, ndipo anawapeza kuchipatala masana atamuimbira foni. Zomwezo ndi zimene anauzanso apolisi.

"Pano ali kuti?"

"Kushedi kwawo. Akukhoma bokosi la bambo. Akana kuti tigule, akuti apongozi awo awakhomera okha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi kalipentala."

* * *

Akutuluka m'kanjirako anamva wina akuwaitana chapansipansi pampata wa mpanda.

"Bambo a mankhwala. Kuno."

Anali Mwanamisi, mayi wa ku Mangochi wokazinga mandasi, amene nyumba yake inagundana ndi ya Linda. Mpanda wa pakati pawo unali wa mabango ndi masaka, woti ukapunthwa mbali ino, mbali inayo amati pepani.

"Ine za anthu sindimvetsera, mundimvetse bwino," anayamba, akutembenuza mandasi m'chiwaya. "Koma mpandawu mukuuona nokha."

Apolisi anamufunsa dzulo ngati anaona munthu kuseri kwa nyumbayo, iye anayankha zoona, kuti sanaone aliyense. Akanamufunsa chimene anamva, bwenzi atawauza. Linda atangochoka ndi ndowa, kuseriko kunafika munthu. Chivundikiro cha mphika chinalira. Kenaka munthuyo anayetsemula.

A Weston anati mwezi uno Lilongwe yense akuyetsemula.

"Osati chonchija. Katatu motsatizana, kachitatuko ngati tayala laphulika, kenaka kutukwana mphuno yake yomwe. Ndi Kings ameneyo, bambo, ndamumva milungu itatu tsopano. Ndipo chimfine chakecho chimagwira ntchito ngati wa m'boma, Lamulungu chimapuma. Lolemba akangobwera kushedi, chayambanso."

Anaphula mandasi, nayang'ana uku ndi uku, natsitsanso mawu. A Andrew anabwera kuchokera ku Phalombe zaka ziwiri zapitazo, akazi awo atamwalira, kudzakhala ndi mwana wawoyo. M'zaka ziwiri zomwezo Linda wapita padera kawiri. Kuchipatala anati ndi vuto la magazi, n'kumupatsa mapilitsi, koma Kings sanakhutire. Anayamba kuyenda kwa oombeza, nasiya kudya mbale imodzi ndi apongozi ake. Tsiku lina masana Mwanamisi anamumva akukalipa kuti m'nyumba muno muli munthu amene akudya ana ake.

"Nkhalamba yoti tsiku lonse imangokhala padzuwa n'kumasoka nsapato za anthu ulere," anatero Mwanamisi. "Zanga izi anasoka ndi iwo. Imeneyo n'kudya ana?"

A Weston anaganiza za a Andrew, munthu amene sanamuonepo, wofedwa mkazi ngati iwo, wokalambira m'nyumba ya mkamwini.

"Kings matabwa amagula kuti?" anafunsa.

"Kwa Che Abdullah, chakumsewu waukulu. Tengani mandasi, bambo, nkhope yanuyo sinadye lero."

Anatenga awiri, nawakulunga m'pepala, nawaika m'thumba la malaya. Anali a Magret.

* * *

Che Abdullah anali wamtali, wa ndevu zosongoka, kachipewa koyera pamutu, mikanda yopempherera ikuyenda m'dzanja. Atamva kuti mlendoyo akufuna matabwa ofiira olemera, anamutengera kuseri kwa yadi, akuyamikira katundu wake njira yonse. Anali atatsala atatu okha. Anabwera mwezi watha ndi lole yochokera chakumalire, ndipo amene ankatsitsa anayetsemula mpaka wina anatuluka magazi m'mphuno.

"Mwavi, bwana wanga. Dalaivala anandiuza yekha. Pamafelemu a zitseko palibe wina, chiswe chikangoona chimabwerera. Koma aliyense wogula ndimamuuza, wallahi: zidutswa zake musawapatse amayi kuti aphikire, utuchi wake musathire m'khola la nkhuku."

A Weston anapala thabwa limodzi ndi chikhadabo, nanunkhiza chapatali. M'mphuno munayabwa. Anafunsa ngati Kings anagulako.

Anagula asanu ndi limodzi, a nyumba ya ku Area 36. Koma chimene Che Abdullah sanaiwale n'chakuti sabata yatha anabweranso, osati kudzagula thabwa, koma kudzapempha chigwagwa, chakunja chija chimene macheka amasiya chili ndi khungwa lake, chimene anthu amakhomera mipanda.

"Zaka makumi awiri ndikugulitsa matabwa, bwana wanga. Kalipentala akaona khungwa pathabwa amakwinya nkhope, amafuna ndimusinthire. Uyu kudzapempha khungwa lenilenilo. Ndinaseka, ndinati tenga, ukamange khola la abakha. Ndiye anandifunsa kuti, Che Abdullah, ndi mwavi weniweni uja ankanena akuluakulu? Ine ndinati..."

Anaimira pomwepo. Anayang'ana a Weston, nayang'ananso chakumunsi kumene mphepo inkabweretsa nyimbo za maliro. Mikanda inasiya kuyenda.

"Mukanena zimenezi kwa Sajeni Mphonda?" anafunsa a Weston.

"Akandifunsa."

"Akufunsani."

* * *

Shedi ya Kings inali denga la malata akale pamizati inayi, mbali ziwiri zotchingidwa ndi mabolodi. Dzuwa linali litapendeka, mphepo ikuulutsa utuchi. Bokosi linali pamabenchi awiri, la paini woyera, m'makona molumikizidwa bwino moti sungalowetsemo singano. Kings ankapala chivundikiro chake ndi pulena. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wotambalala mapewa, maso ofiira.

"Madala, ngati ndi oda mubwere sabata yamawa. Tili pamavuto."

"Ndine mlamu wa Magret."

Pulena inaima, kenaka inayambanso. Kings analankhula mofulumira, osadzutsa mutu. Iye alibe nawo chifukwa amayi aja, shuwa, ndi ngozi basi, aliyense amalakwitsa. Iye tsikulo kunalibe, anali ku 36 kuyambira m'mawa, akafunse mwini nyumba. Akanakhalapo mwina akanaona kuti mankhwalawo sali bwinobwino.

Ali mkati molankhula anayetsemula. Katatu, kachitatuko kokweza, natukwana.

A Weston anaponya maso m'shedimo. Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa shedi, manja kumbuyo, ngati munthu wofuna mpando wogula. Anafika pamafelemu ofiira oyedzamira mzati. Kuseri kwake, pansi, kunali chigwagwa chotalika ngati mkono ndi theka, chogonekedwa chafufumimba, chitakwiriridwa ndi utuchi. Anachikoka nachitembenuza. Kumapeto kwake kopyapyala kunali kodulidwa kumene, podulapo pakadali powala, ndipo m'mphepete mwake munali theka la chipsera cha nthambi.

Atadzutsa mutu, Kings anali ataima pakati pa iwo ndi njira, tchizulo yakuthwa yosemera matabwa ili m'dzanja.

"Ikani pansi chimenecho, madala."

"Ayi."

"Ndi nkhuni chabe."

"Bwanji sunasonkhere?"

Kings anazyolika. Anayang'ana tchizuloyo ngati sakudziwa kuti yafika bwanji m'dzanja lake. A Weston anangoima, chigwagwa chili m'manja, mphepo ikuwalowa m'malaya. Kutchire anadikirapo mvula tsiku lathunthu ali pansi pa thanthwe. Kudikira munthu sikunali kovuta.

Mawu atabwera, anabwera otsika, chitauni chonse chitathamo. Kings anati sanafune kupha. Ku 36 anapitadi, koma anazembako ola limodzi pa kabaza wa njinga yamoto. Ana awiri anapita, ndipo kulikonse kumene anakafunsa ankamuuza kuti ayang'ane m'nyumba mwake. Kuwafunsa apongozi maso ndi maso sakanatha, kuwabweza kumudzi Linda sakanalola. Ndiye atamva dzina la mtengowo kwa Che Abdullah anakumbuka zimene ankamva kwawo akukula, kuti kale mlandu wotere unkatha ndi mwavi.

"Ankati wolakwa amafa, wosalakwa amasanza n'kudzuka. Ndimati ndingodziwa basi. Akasanza, ndiwapepese mumtima, tizikhala."

"Anasanza," anatero a Weston.

"Ndikudziwa." Kings anakhala pansi pautuchi, nayedzamira benchi la bokosi. Tchizulo inagwa pambali. "Ndinawapeza akadali moyo. Beseni ndinagwira ndine. Anasanza mpaka kutha, akundiuza kuti pepani mkamwini, ndakuchotsani pantchito. Anali wosalakwa, madala. Ndiye anaferanji?"

"Mtengo sudziwa amene walakwa," anatero a Weston. "Umangopha."

Kenaka Kings anapukuta nkhope ndi malaya, nayang'ana chivundikiro chija.

"Ndipatseni masiku awiri. Ndimalize bokosili, ndiwaperekeze ku Phalombe, ndikawaike. Ndikabwera ndipita ndekha kupolisi, ndikulumbira. Amayi aja masiku awiri okha sangafe."

A Weston anakumbuka dzanja la Magret litagwira khoma. Anakumbukanso Dorica, mwezi ngati womwewu, mmene chifuwa chinamutengera m'masiku anayi okha. Anayang'ana bokosilo. Linali lokhomedwa bwino. Panangotsala mbali imodzi ya chivundikiro.

"Kupolisi n'theka la ola ndikamakankha njinga," anatero. "Sindikwera. Maliza chivundikiro."

Anadutsa pafupi ndi Kings natuluka. Anagoneka chigwagwa pakaliyala, nachimanga ndi luzi, nagwira m'thumba kuona ngati mandasi alimo. Kenaka anayamba kukankha njinga kulowera kupolisi.